Chiwongo Chimene Ndinapatsa Alendo a ku Mexico

Nkhani iyi ndikaikumbuka ndimafuna kulowa pansi. Koma poti Nkhorongo yense, kumene zinachitikira kuno ku Mzuzu, akuidziwa kale, bola muimve kwa mwini wakene.

Mwana wa mlongo wanga, Wongani, anapita kusukulu ku America n'kupezako mbeta, dzina lake Marisol. Makolo a mtsikanayo kwawo ndi ku Mexico, ndipo anabwera ku Mzuzu kudzaonana ndi banja lathu ukwati usanachitike. Ine, mphunzitsi wa Chingerezi, mtima unali dyokodyoko kufuna kudzakhala MC pa ukwatiwo. Anandipatsa kaye phwando lolandira alendo kuti aone ngati ndingathe.

Kumpoto kuno munthu wamkulu sumulonjera ndi dzina lake ngati mwana. Umamutchula chiwongo, dzina la mtundu wake. Ndiye azakhali ake a Wongani, anyaGondwe, anandifunsa chiwongo cha alendowo. M'malo mofunsa Wongani, ine ndinafunsa foni. Inandiuza kuti anthu a chigawo chimenecho mwamuna amati Latino, mkazi Latina, koma mawu amakono osasankha mwamuna kapena mkazi ndi Latinx. Ndinalekera pomwepo, nzeru zitandikwana. M'munsi, momwe ankafotokoza kuti eni akewo amakanganirana mawuwa, sindinafikemo.

Ndinaphunzitsa amayi onse a m'banja kuti chiwongo cha alendowo ndi Latinx. Iwo anapekerapo ndi nyimbo yomwe.

Alendo atangotsika galimoto, amayi anagwada m'mizere, nthungululu zili pakamwa.

"Yewo chomene, a Latinx! Mwafika, a Latinx!"

Bambo ake a Marisol, a Ernesto, nkhope inagwa. Ine ndinati n'kutopa ndi msewu wa Chikangawa. Ndinatenga maiki n'kulengeza m'Chingerezi chonona kuti banja lathu ndi lotsogola, ndipo likunyadira kukwatirana ndi mtundu wolemekezeka wa a Latinx. Ndinabwereza mawuwo mpaka anandikoma.

A Ernesto anaimirira. Ananena mwaulemu kuti iwo ndi Latino, mawu enawo anapekedwa ndi ana a ku yunivesite, ndipo m'chinenero chawo satchulika n'komwe. Marisol anayankha kuti ali ndi anzake amene sadziona ngati amuna kapena akazi, ndipo mawuwo amawapatsa malo. Mlongo wake wa Marisol, yemwe anabweranso nawo, anati onse awiri aphonya, mawu oyenera ndi Latine. Mayi awo anagwira kumutu. Apa Chingerezi chinatha, chinayamba Chisipanishi, manja ali m'mwamba.

Wongani anandikoka jekete.

"Malume, mwatani? Anthuwa anapangana pa eyapoti kuti nkhani imeneyi saikhudza mpaka ukwati utadutsa. Khirisimasi yapitayi sanadyere limodzi chifukwa cha zomwezi."

Abale athu, posamva kanthu, anaganiza kuti alendo akukana mkamwini.

"Ŵamukana mwana withu!" anakuwa anyaGondwe m'Chitumbuka, n'kuyamba kulira mokweza.

Azibambo anaunjikana pakona, ndipo mkulu wina anabwera kudzandiuza kuti ndiwauze alendowo kuti pa malowolo tiwonjezera ng'ombe.

Munthu wanzeru akanazimitsa maiki. Ine ndinakumbuka momwe ndimathetsera mikangano m'kalasi, ndipo ndinalengeza kuti tivote pokweza manja. Nditatchula Latino, dzanja linakwera limodzi, la a Ernesto. Nditatchula Latinx, amayi athu onse anakweza manja awiriawiri, poti ndi mawu okhawo amene ndinawaphunzitsa. Ena anayambiranso nyimbo ija.

Bambo wamkulu, woti wawoloka nyanja kudzapereka mwana wake, anagonja pa chisankho cha dzina lake lomwe, pamaso pa anthu amene sanawaonepo. Anatenga chipewa chawo n'kukakhala m'galimoto. Marisol anawatsatira akulira. Apo ndiye chisoni chinandigwira zenizeni, chifukwa anthuwa sanatilakwire kanthu, ndipo chakudya chonse chinazizira m'mapoto.

Ndinakhala kwathu ku Geisha, mu Mzuzu momwemo, osatuluka, ndikudikira kumva kuti ukwati wafa. Kenako Wongani anatulukira, akumwetulira.

"Malume, nkhani yabwino. Marisol ndi bambo ake agwirizana."

Mtima unakhala pansi. Ndinayamba kuganiza kuti mwina voti yanga ija inathandizako.

"Agwirizana pa mawu ati?"

"Aa, pa mawuwo akadali kukangana. Agwirizana kuti inuyo pa ukwati musadzayandikire maiki."

Dzina la mlendo umafunsa mwini wake, foni siidziwa zimene anthu anapangana pa eyapoti.