Mgolo Wanga ndi Suti ya a Chikuse

Mpaka lero a Chikuse akandiona ndikubwera amawolokera tsidya lina la msewu. Sikuti tinayambana ayi. Ndi mkulu wa mpingo wathu, ndipo tsiku la mgonero ndi iwo amene amandipatsira chikho. Kungoti munthu akamati akakuona n'kukumbukira fungo, palibe chimene ungachite. Mlandu wake ndi wanga, ngakhale kuti ndikamafotokozera anzanga kuntchito ndimaukankhira kwa nkhumba.

Ine ndine mphunzitsi pa sekondale ina kufupi ndi pa Boma, ku Ntchisi kuno. Nditatopa ndi fumbi la choko ndinalembetsa digiri yachiwiri ya kasamalidwe ka chilengedwe, maphunziro aja a pa intaneti. Sukulu yake ili kunja, sindinapondeko n'kamodzi komwe, ndimangoidziwa pa chithunzi. Nthawi ya kalasi ikakwana mphunzitsi wathu, mayi wachizungu wokonda kumwetulira, amakhala ali kwawo, anzanga ali m'maiko mwawo, ine ndili pa kampando kuseri kwa nyumba, poti ndi pokhapo pamene netiweki imandimvera chisoni.

Maphunzirowa anandikweza mapewa, sindikana. Munthu woti ndikukambirana za kusintha kwa nyengo ndi anthu a ku Kenya ndi ku India, ndizikafotokozeranso amayi a pa mjigo zimene ndikuchita? Amuna anga, bambo a Tadala, anandiuzapo kuti ndayamba kuyenda ngati ndameza mpini. (Ndinawayankha kuti ndi nsanje chabe.)

Chaka chomwecho ndinkayembekezera kuvekedwa yunifolomu ya amayi a chigwirizano ku tchalitchi. Wosadziwa angati bulauzi yoyera ndi duku ndi nsalu wamba. Mayi anga anaivala moyo wawo wonse mpaka tinawaika nayo m'manda, ndipo ine ndinkaifuna ndi mtima wanga wonse, kuposa digiri imeneyo. Koma yunifolomu savekedwa munthu wa mbiri yoipa. Mpingo ukakupeza ndi mlandu n'kukudula, iwalako.

Ndiye kusukulu ya pa intaneti ija anatipatsa ntchito: aliyense apange chinthu chosandutsa zinyalala kukhala chaphindu, ndipo adzachionetse kalasi yonse ikuonerera pa vidiyo. Anzanga ambiri anasankha kukumba dzenje la manyowa. Ine dzenje? Ndinasankha kupanga gasi wophikira kuchokera ku ndowe. Pa pepala ndi zophweka. Umathira ndowe ndi madzi mu mgolo wa pulasitiki, n'kutseka zolimba, pamwamba n'kulumikiza paipi yopita ku chubu cha galimoto. Ndowe zikamawola zimatulutsa mpweya woyaka, chubu n'kufufuma, iwe n'kuyatsa moto popanda kudula mtengo ndi umodzi womwe.

Ndowe ndinaitanitsa kwa achimwene anga ku Msakambewa, amene ali ndi khola la nkhumba. Pafupi pompano nkhumba ziliponso, koma ndinachita manyazi. Madamu athunthu kumakatola za nkhumba ana a sukulu akuona? Choncho zinkabwera m'zigubu zotseka bwino pa njinga yamoto, ndipo wa kabazayo ndinamulumbiritsa kuti asauze munthu zimene wanyamula. Mgolo ndinauika kuseri kwa nyumba, pamalo anga a netiweki paja.

Inali nyengo yozizira, ndipo amene anagonapo ku Ntchisi mwezi wa Juni akudziwa kuti kuno chisanu sichiseka ndi munthu. Chubu chinangokhala phwaa. Nditadandaula m'kalasi, mnzanga wina wa ku dziko lotentha anati tizilombo timene timawoletsa ndowe timafuna kutentha ndi chakudya. Sindinafunsenso kuti chakudya chanji, kapena chochuluka bwanji. Mgolo ndinaufunditsa bulangeti, pambali n'kumaikapo mbaula ya makala. (Inde, wophunzira za chilengedwe kuwotcha makala pofuna kupulumutsa mitengo. Musandiyang'ane choncho.) Kenako ndinapita ku chigayo kukagula madeya, n'kudzera pa golosale kutenga mapaketi a shuga.

Tsopano inu amene munakulira kumudzi phatikizani nokha. Mgolo, paipi, madeya, shuga, moto, zigubu zobwera mwachinsinsi, zonsezo kuseri kwa nyumba, mwini wake wosafuna kufunsidwa. Mwana woyamba kumene sukulu akanapeza yankho. Ine wa digiri sindinalipeze.

Anadzandipezera ndi Zakeyu. Zakeyu ndi bambo wina wa m'dera lathu amene sindinamuonepo akuyenda mowongoka. Anafika Loweruka m'mawa, botolo likusuzumira m'thumba la jekete, n'kugwada mwaulemu ngati wabwera kudzafunsira mbeta.

“Madamu, ndamva kuti mwatsegula kampani,” anatero monong'ona. “Musaope, ine ndimasunga chinsinsi. Mungondigawirako wa kumutu uja, ndikakuitanirani makasitomala.”

Apa m'pamene ndinazindikira kuti anthu akuti ndikutcheza kachasu. Munthu wanzeru akanamugwira dzanja Zakeyu n'kukamuonetsa zigubu. Ine ndinaimika khosi n'kumuuza kuti zimene zili mu mgolomo ndi zasayansi, si za msinkhu wake.

Anagwedeza mutu mogoma. “Ndiye kuti ndi waukali zedi.”

Pofika madzulo Boma yonse inali itamva kuti wa madamu ndi wasayansi. Bambo a Tadala anandichonderera kuti ndipite kwa Anambewe, amene amatsogolera amayi a chigwirizano, ndikafotokoze zinthu zisanafike poipa. Ndinakana. Ndinati moto ukadzayaka adzachita manyazi okha, ndipo ndinali nditakonzeratu nkhope imene ndidzavale powakhululukira.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti shuga ndi madeya aja anali atautsa thovu mu mgolo, thovulo n'kutseka paipi. Gasi analipo wambiri, koma analibe potulukira. Ine poona chubu chili chiphwerere ndinkangowonjezera shuga n'kumanganso chotsekera. Mgolo unayamba kunenepa. Bambo a Tadala anaima n'kuuyang'ana kwa kanthawi, kenako anandifunsa ngati ndayamba kuupititsa ku sikelo, poti ukuoneka kuti uli ndi pakati. Sindinawaseke.

Tsiku loonetsa ntchito linali Lachinayi masana. Ndinavala bwino, laputopu n'kuiika pa mpando moyang'ana mgolo. Ndinali nditakonzeka kunamizira chisanu cha ku Ntchisi. Malikisi ena ankaperekedwa poona ngati anthu a m'dera akutengapo mbali, ndipo ine ndinali nditawauza kale kuti anthu kuno ali ndi chidwi chachikulu ndi ntchito yanga. (Poganizira Zakeyu, silinali bodza lenileni.)

Ndili mkati mofotokoza m'Chingerezi changa cha pa Sabata, ndinamva odi. Ndisanayankhe, anthu awiri anatulukira pa ngodya ya nyumba. Kutsogolo kunali a Chikuse, atavala suti yawo yotuwa imene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Joni, imene amavala pa maukwati ndi pa milandu ya mpingo basi. Pambuyo pawo Anambewe, akuchokera ku msonkhano wa amayi, bulauzi ndi duku zili mbee. Ndinaona yunifolomu yanga ikundibayibitsa.

“Mayi aphunzitsi, pepani takupezani muli pa ntchito,” anatero a Chikuse. “Sitinabwere mwa ife tokha. Tatumidwa ndi mpingo.”

Mphunzitsi wanga anafunsa pa laputopu kuti alendowa ndani. Mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndinafuna kubisala monsemo. Ndinamuuza m'Chingerezi kuti ndi atsogoleri a m'dera, abwera kudzaona ntchito yathu. Mayiyo anaomba m'manja, anzanga onse m'timabokosi mwawo pa laputopupo n'kumabayibitsa. Anambewe anasuzumira pa laputopu, n'kuyang'ana a Chikuse.

“Mpaka azungu akuodanso?” anafunsa motsitsa mawu.

Ndinatembenuka n'kufotokoza m'Chichewa, mothamanga, kuti mu mgolomo muli ndowe za nkhumba, kuti ndi za sukulu, kuti ndikufuna gasi wophikira. Mawu amene ndikanayankhula mwezi wathunthu m'mbuyomo ndili phee ndi kapu ya tiyi, ndinawakhuthula onse nthawi imodzi ngati wakuba wogwidwa ndi mbuzi. A Chikuse anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anayang'ana paipi, anayang'ana mbaula, n'kutola pepala la shuga limene linali pansi.

“Mayi, ine ndisanatembenuke mtima ndinali katswiri wa zimenezi,” anatero mofatsa. “Ndakalamba chonchi sindinamvepo kuti ndowe zimadya shuga. Mphuno yangayi ndi imene iweruze.”

Apa mtima unandipsa. Ine, mwana wa mayi anga, kundiyesa wotcheza? Ndipo poti ndinkakhulupirira kuti mu mgolomo mulibe mpweya uliwonse, ndinawauza kuti atsegule, mwina akhulupirira mphuno yawo kuposa mawu anga. Kenako ndinamwetulira pa kamera n'kulengeza kuti tsopano mtsogoleri wathu ayendera ntchitoyi ndi manja ake. Ndinasunthira pambali kuti kalasi ione bwino. (Nzeru yokhayo imene ndinachita mwezi wonsewo, ndipo ndinaichita mwangozi.)

Chotsekera chinali cholimba. A Chikuse anachotsa bulangeti, n'kukanika nacho. Anambewe, mayi wachifundo, anawerama kugwira mgolo kuti usagwedezeke. Pa mpanda wa udzu ndinaona mutu wa Zakeyu, botolo lili kale m'manja.

Phuu!

Chotsekera tinakachipeza mawa lake pa denga la khitchini. Zimene zinatsatira chotsekeracho sindingazilembe zonse, poti mwina mukuwerenga mukudya. Ndingoti zonse zimene nkhumba za achimwene zinapereka, pamodzi ndi madeya ndi shuga wanga, zinakwera kumwamba n'kubwerera pa anthu awiri a Mulungu. Mwayi wake mbaula inali yozima tsiku limenelo, apo ayi bwenzi nkhaniyi akulemba ndi ena.

Suti yotuwa ija sinalinso yotuwa. Pa nkhope ya Anambewe pankaoneka maso okha. Fungo lake ngakhale galu wathu, amene amadya chilichonse, ananyamuka n'kupita kwa aneba. Kenako mawu a mphunzitsi wanga anamveka, akufunsa ngati aliyense ali bwino. Nditavomera ndi mutu, anati m'zaka zonse zimene waphunzitsa sanaonepo umboni wooneka bwino chotere wakuti gasi wapangika, vuto ndi paipi chabe. Anzanga m'timabokosi muja ena anali atagwira pakamwa, wina anali atagweratu pa mpando.

Zakeyu anabweza botolo m'thumba pang'onopang'ono.

“Madamu, ine ndamwapo zambiri,” anatero. “Koma uwu ndagonja.”

A Chikuse anavula magalasi, anafunafuna malo oyera pa suti oti apukutire, sanawapeze, n'kuwavalanso momwemo. Anatembenukira kwa Anambewe ndi ulemu wonse wa mkulu wa mpingo.

“Mayi, tikanene kuti si kachasu.”

Ndinatseka laputopu osatsanzika, ndinagwada pansi pomwepo m'zonyansazo n'kuyamba kulira. Manyazi amene ndinawathawa pokana kutola ndowe masana anandipeza onse pamodzi, atabereka ndi ana. Anthu akuluakulu awa sanandilakwire chilichonse. Anamva mbiri, anabwera kudzafunsa maso ndi maso monga mwa mwambo, pamene ine mwezi wonse ndinawaona ngati osayenera kufotokozeredwa.

Ndinawaphitsira madzi, pa makala omwe aja. A Chikuse anabwerera kwawo atavala buluku la bambo a Tadala lolekeza m'akakolo, Anambewe atafunda zitenje zanga. Suti ndinaichapa ndi sopo wa mtundu uliwonse wopezeka pa Boma, koma nkhumba sizinalole. Pano ili pa mtengo m'dimba mwawo, ndipo akuti mbalame sizifikako. Anambewe ndinawasoketsera bulauzi ina, anailandira osanena kanthu, ndipo kusanena kanthu kwawoko kunandisowetsa tulo kuposa kukalipa.

Kusukulu ndinakhoza bwino kwambiri, makamaka mbali ija ya kutengapo mbali kwa anthu a m'dera. Paipi ndinaitsegula, shuga ndinasiya, ndipo kutayamba kutentha chubu chinafufuma, moto n'kuyaka wobiriwira bwino. Koma zonsezo sizinandikhazike mtima pansi. Si kachasu, inde, koma kodi munthu wosambitsa mtsogoleri wa amayi ndi za nkhumba, azungu akuonerera, angavekedwe choyera?

Tsiku lovekedwa ndinapita ku tchalitchi ndikuyembekezera kuti wina andikokera pambali n'kundiuza kuti ndidikire chaka china. Palibe anandikoka. Anatiitana kutsogolo, tinagwada, ndipo amene anaima pa ine ndi duku m'manja anali Anambewe, atavala bulauzi yatsopano ija. Nsalu itangondikhudza pamutu ndinakumbukira mayi anga, misozi n'kuyamba kutsika. Anambewe anamanga mfundo, n'kuikoka kwambiri mpaka makutu anandiwawa, kenako anawerama ngati akundipempherera.

“Lira bwino, mwana wanga, usachidetse,” anandinong'oneza. “Ndipo sayansi yako ikadzafunanso mboni, udzaitane a mpingo wina.”