Mlendo wa M'foni ya Amu Zaghloul

Owerenga olemekezeka, ndiloleni ndikufotokozereni za malemu Amu Zaghloul, wosita zovala wa mumsewu mwathu ku Bahari, mumzinda wa Alexandria. Kwathu kuno "Amu" ndi mawu aulemu oitanira bambo aliyense wachikulire. Mkuluyu ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti m'foni mwake munkakhala mlendo wosaoneka, wakudya malo.

Umboni anali nawo. Zithunzi zimene ankaziona m'foniyo zinali zochepa: mphaka wake, simbi yake, ndi chala chake chachikulu chimene sichinkasowa pachithunzi chilichonse. Koma foni inkalimbikira kuti yadzaza.

"Yadzaza ndi chiyani?" ankatifunsa pomwera tiyi. "Nyumba ndi yanga, koma ndikugona pakhonde. M'katimo muli ndani?"

Foniyo anaifukiza lubani kufikira inanunkhira ngati mzikiti pa Lachisanu. Anaimangirira mkanda wabuluu woteteza ku diso la njiru. Pomaliza anafufuta mphaka.

"Mphaka wachoka, mlendo watsala," anatero mwachisoni.

Nkoyenera nditchule pano mwambo wake wina. M'mawa uliwonse, akatha kupemphera Swala, ankatumiza chithunzi cha duwa chokhala ndi moni ndi dzina la Mulungu kwa munthu aliyense wa mumsewu, mmodzimmodzi. Ankati moni wa chigulu ndi wa pamsika. Motero mafoni athu nawonso ankabuula ndi maluwa, koma tinkachita ulemu.

Nkhani inakula pamene mwana wake Wafaa, wokhala ku Kuwait, anabereka mwana woyamba natumiza kanema wa khandalo. Kanemayo anakana kutseguka chifukwa chosowa malo. Tsiku limenelo Amu anawotcha kolala ya malaya anga, chinthu chimene anali asanachitepo.

Ndinamuperekeza kwa Sawsan, mayi wokonza mafoni pafupi ndi pokwerera basi. Iye anatsegula malo ena obisika, nayamba kuseka.

"Amu, mlendo wanu ndamupeza. Ndinu."

"Sawsan, ndinasita diresi la ukwati wa amayi ako. Lankhula bwino."

"Duwa lililonse limene mumatumiza, foni imasunga lake kuseri kuno. Mukapatsa moni msewu wonse, imasunga msewu wonse. Muli ndi munda, Amu. Ndifufute?"

Anamulanda foni. "Ufufute dzina la Mulungu? Pepala lolembedwa dzina Lake ndikalipeza pansi ndimalitola, ndimalipsompsona, ndimaliika pamwamba. Iwe ukuti nditaye munda wonse?"

"Ndiye mdzukulu wanu mudzamuona ali ndi ndevu."

Tinapita kwa Shehe Metwalli, mtsogoleri wa mzikiti wathu. Anamvetsera mofatsa, akusisita ndevu.

"Zaghloul, dzina la Mulungu silingathe ndi chala cha Sawsan. Fufutani." Kenako anatulutsa foni yake m'thumba. "Ndipo mumupatseko iyinso. Maluwa anu anandithamangitsa kale m'nyumba mwanga."

Amu anavomera, koma anaika lamulo lakuti moni sachoka osayankhidwa. Anakhala pampando wa Sawsan masana onse, akuwerenga moni uliwonse mokweza, nkuuyankha, Sawsan nkufufuta.

"Amu, maluwa onsewa ndi ofanana."

"Ili linapita kwa wogulitsa nsomba. Anali kudwala. Silofanana."

Dzuwa litapendeka malo anapezeka, ndipo kanema anatseguka. Khandalo linayasamula, kenako linayetsemula. Panalibe china. Amu anayang'ana nthawi yaitali, napukuta galasi la foni ndi mkono wa malaya, ngakhale kuti chonyowa sichinali galasi.

"Mphuno ndi yanga," anatero. "Mulungu amuthandize."

Mawa lake tonse tinalandira duwa monga mwa nthawi zonse, ndipo pambuyo pake khanda loyetsemula.

Amu Zaghloul anatisiya nyengo yozizira yapitayi. M'sitolo yake tsopano mumagulitsidwa nsapato. Mafoni a mumsewu mwathu sadandaulanso za malo, ndipo m'mawa amakhala chete patebulo.

Posachedwapa ndinapititsa foni yanga kwa Sawsan kuti aiyeretse. Ndisanatsegule pakamwa, iye anati, "Ndikudziwa, Amu. Zonse zichoke, maluwa ake atsale. Aliyense akunena zomwezo."