Droni Yanga ndi Ukwati wa Achemwali

Lolemba
Analamula ndani kuti chinthu chikawonongeka chizipita ku Blantyre? Digiri ndili nayo, manja ndili nawo. Kachipangizo kotumiza kanema pa droni yanga ndakakonza ndekha. Magetsi kulibe, ndiye mawaya ndawotcherera ndi msomali wotenthetsa pa mbaula. Loweruka achemwali akukwatiwa ku Phalula. Ndauza amalume asaitane wojambula wa ku Balaka. Ukwati uno tiujambula kuchokera kumwamba!

Lachiwiri
Ndalumikiza batire, kanema wabwera. Ndayatsa mapiko, pa sikirini mdima bii. Ndazimitsa mapiko, kanema wabweranso. 

Lachitatu
Oganiziridwa: batire, waya wofiira, ndi powotcherera panga paja pooneka ngati chitosi cha nkhuku. Ndabwereka mita yoyezera magetsi. Batire lilibe mlandu. Nanga ndani? Amayi ali pakhomo: "Kodi kamalira choncho kakakhala kabwinobwino?"

Lachinayi
Ndawotchereranso. Msomali wakhudza waya woyandikana nawo. Kautsi! Fungo la pulasitiki! Ndauzira ngati phala la mwana. Kanema akadalipo, mwamwayi, koma kachipangizo kakutentha moti ungakazingirepo chimanga. Amalume pa foni: "Mphwanga, achibale a ku Utale akuti akubwera kudzaona ndege yako. Mkwati anamuona kale."

Lachisanu
Ndazindikira: mapiko akazungulira akulanda magetsi, kanema n'kukomoka. Pakufunika kachitsulo kakang'ono kosunga mphamvu. Ndakwera kabaza, ndazungulira msika wonse wa Balaka. Aliyense: "Iyayi bwana, chimenecho ku Blantyre." Achemwali afunsa ngati zonse zili m'chimake. Ndati eya. 

Loweruka
Ikauluka siona, ikaona siuluka. Ndaimangirira kunsonga kwa nsungwi ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndikuyenda pambuyo pa akwati, nsungwi m'mwamba ngati wogwetsa mango. Ana akukuwa: "Iuluke! Iuluke!" Amalume akuyang'ana kumbali. Suti yobwereka yanyowa ndi thukuta. Mikono yafa.

Lamulungu
Taonera kanema banja lonse. Mitu yokhayokha. Maduku, maambulera, dazi la abusa, denga la galimoto. Achemwali aonera mpaka kumapeto osaphethira, kenako: "Achimwene, nkhope yanga ili pati?"



Ndabweza nsungwi kwa eni ake. Ndatenga foni yanga, ndayamba kuyenda khomo ndi khomo m'Phalula monse, kupempha aliyense amene anajambula dzulo kuti andigawireko.