Kamba wa pa foni ya a Telala

Aliyense amene anakonzetsako foni kwa a Chidindo ankabwerera kwawo ndi chinthu chimene sanapemphe. Pamwamba penipeni pa sikirini, pakamzere koonetsa nthawi, batire ndi netiweki, ankapezapo kachithunzi kachilendo, koyera, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Dzina loti Chidindo linachokera pamenepo.

Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisawalakwire. Foni yogwera m'ndowa inkadzuka m'manja mwawo. Koma ikadzuka, ankailumikiza ndi chingwe ku laputopu yawo yakale yomanga ndi tepi, n'kulowa m'kati mwenimweni mwa pulogalamu yoyendetsa foniyo, mmene amisiri anzawo ankaopa kugwira. Kachithunziko ankajambula okha, kadontho ndi kadontho, lilime lili panja, akumuyang'ana cham'mbali mwini foni. Akakaika kanali kosachoka. Uzimitse, uyatse, utukwane, kali pompo.

Mayi wa saluni anapeza kakamwa koyasama.

"Bambo inu, ichi n'chiyani?"

"Foni imakuuzani za batire ndi za netiweki, mayi. Za mwini wake akuuzani ndani?"

"Ndiye mukuti ndine wolongolola?"

"Ine sindinanene kanthu."

Mayiyo analalata mpaka dzuwa kupendeka, ndipo msewu wonse unavomereza kuti chithunzicho chinafanana. Mphunzitsi wina a Chidindo anamuikira kabotolo ka mowa. Ena amati anasiya mowa chifukwa cha manyazi. Si zoona. Anangophunzira kugwira foni chala chachikulu chili pamwamba.

Koma amene anavutika koposa ndi a Telala. Iwo anakwatira mlongo wa a Chidindo, ndipo makina awo osokera anali pakhonde lomwelo, moti utsi wa waya wowotcha unkalowa m'nsalu zawo. A Chidindo anawapatsa nsalu yotuwa kuti awasokere jekete lovala paukwati wa mwana wawo. A Telala anawayeza, anadula nsalu, anasoka mkono umodzi. Ukwati unafika, a Chidindo anavala jekete lobwereka lothera m'zigongono. Sanadandaule. Anangodikira tsiku limene foni ya a Telala inasiya kulira.

Itabwerako inali ikulira bwinobwino, ndipo pafupi ndi batire panali kamba.

"Alamu, chotsani chinyama ichi."

"Achoka jekete likatha."

"Makasitomala akuona, mukundiphera ntchito."

"Ntchito mukuiphera nokha, alamu. Kambayu akungochitira umboni."

A Telala anapsa mtima. Anapita nayo foni kwa amisiri a kutsidya kwa msewu, koma onse anapukusa mutu, amvekere kuti kamba achoke n'kufufuta zonse, manambala a makasitomala ndi zithunzi za adzukulu zomwe. A Telala anamatapo kapepala, kapepalako kanabisanso nthawi. Pamapeto pake analumbira pamaso pa akazi awo kuti jekete silitha kamba asanachoke. A Chidindo nawo analumbira zawo. Zaka zinadutsa, anthu awiriwa akumwera tiyi pabenchi limodzi, wina ndi kamba wake, wina ndi mkono umodzi wa jekete uli pa msomali pamwamba pa mutu wake.

Kenako a Chidindo anayamba kuonda. Sikuluu zing'onozing'ono zija zinayamba kuwapulumuka m'zala, a Telala n'kumawatolera pansi. Tsiku limene anawagoneka m'chipatala, a Telala anatsitsa nsalu ija, anaikutumula fumbi, n'kubweza makasitomala onse. Makina analira osapuma. Miyeso yakale inali itakula, anachita kubweza m'mapewa ndi m'chiuno mongoganizira.

A Telala atafika nalo jekete kuchipatala, a Chidindo analisisita nthawi yaitali, n'kuyang'ana msoko wa m'kati ngati mmene ankayang'anira mawaya.

"Mwasoka bwino. Mwachedwa, koma mwasoka bwino," anatero, n'kutembenukira kwa mlongo wawo. " Achemwali, mundibweretsere laputopu mawa. Mawu ndi mawu, kamba achoke."

A Telala anayang'ana manja oonda aja ali pabulangete.

"Mudzachotsa mukatuluka, alamu. Ine sindikufulumira."

"Zimenezo ndikudziwa," anatero a Chidindo, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

Sanatuluke. Jeketelo anavala ulendo umodzi wokha, ndipo onse amene anaona nkhope anati linawakhala.

Pakhonde paja tsopano pali mtsikana wina wophunzira bwino. Amakonza foni mwaukhondo, imabwerera monga inapitira, ndipo palibe amene amakhalapo kuti akangane naye. Mafoni akale akutha, ena kubedwa, ena kusweka, tizithunzi tija n'kumapita nawo limodzi. Mayi wa saluni anagula yatsopano, koma yakale ija amaisunga m'dirowa, ndipo amaitchaja kuti aonetse anthu kakamwa kake. Mphunzitsi akadutsa sabisanso chala.

Mtsikanayo anawauza a Telala kuti iye angathe kumuchotsa kamba popanda kufufuta kalikonse. Anamuthokoza, n'kubweza foni m'thumba. Batire lake linafooka, moti imakhala pa chingwe tsiku lonse pambali pa makina. Ana awo atopa n'kuwauza kuti awagulira ina.

Kuchedwa sanasiye. Munthu akabwera atakwiya kudzafunsa kuti diresi lake litha liti, a Telala amangotembenuza foni ija kuti aone yekha, n'kuyang'ana kumbali ya benchi kumene kulibe munthu woti aseke.