Nyimbo ya Apongozi Ikung'ambika M'makina

Lolemba

Apongozi akubwerera kumudzi Lamlungu, viza yatha. Vuto ndi ili: mwana wathu Yankho sagona masana popanda nyimbo ya agogo ake. Sabata yamawa amake akubwerera ku ntchito ku keya, kosamalira okalamba, wotsala ndi khanda ndine. Ndiye nzeru yandibwerera: ndijambule nyimboyo!

Zida zilipo. Maikolofoni, laputopu, ndi priampu yanga, kabokosi kokweza mawu a maikolofoni kamene ndinagula kwa mzungu wina wokalamba kuno ku Bolton. M'kati mwake muli chubu chagalasi chimene chimafiira ngati khala. Ndimatha kuchiyang'ana theka la ola, tiyi n'kuzizira. Ndikumuona kale Yankho atakula, akumvera mawu a agogo ake, akupukuta misozi, akuti, "Bambo anga anali munthu woganiza."

Koma mwambo ndi mwambo, ngakhale ku Mangalande. Mkamwini sadzitsekera m'chipinda ndi apongozi. Ndakonza zonse, batani lokwezera mawu ndaliika pa 3, ndatuluka. Ndakhala pa masitepe ndi mahedifoni a waya wautali. Ayamba kuimba. Mayo ine! Mawu akung'ambika ngati nsalu yakale.

Lachiwiri

Amene ndikuwakayikira:
kebulo
filiji
basi yodutsa pamsewu
chinyezi cha nyumba ino
Satana

Kebulo ndasintha. Filiji ndazimitsa, ndaiwala kuyatsanso, nkhuku zasungunuka. Ndayesa ndi mawu anga, "wani, tuu, wani, tuu." Oyera ngati a pa wailesi! Apongozi alowa, ine pa masitepe. Phwrrr! Ndabwerera kukayang'ana, batani lili pa 3 pomwe ndinalisiya.

Kunja kukuwaza kamvula kaja kosatha. Chubu chikungofiira, sichikudziwa kanthu.

Lachitatu

Ndaimbira a Mulenga, m'bale wa ku Zambia amene amagwira zokuzira mawu ku tchalitchi. Akuti, "Boi, iyo tube yasila. Gula new one, uzanitasha." Ndiye kuti chubu chatha, ndikagula china ndidzawathokoza.

Ndakwera sitima ya ku Manchester kukagula chubu. Pawindo nyumba za njerwa zofiira zikudutsa, ine ndili kutali. Ndili ndi situdiyo yangayanga ku Area 25, makoma a siponji, makwaya ali pamzere mpaka pageti. Ndikuwauza modekha kuti abwere mawa. Ndadzidzimuka sitima itaima kalekale, wosesa akundiyang'ana.

Lachinayi

Chubu chatsopano chalowa. Ndachisiya chitenthe kaye, monga akunenera odziwa. Ndapempha amake Yankho apemphe amayi awo ayimbenso. Umu ndi mmene timalankhulirana miyezi isanu ndi umodzi: ine kwa mkazi wanga, mkazi wanga kwa iwo, tonse tili m'khitchini imodzi.

Phwrrr!

Kasanu. Kasanu konse chimodzimodzi. Ndikumva apongozi akuuza mwana wawo, "Auzeni bambo asavutike, ine kuimba sinditopa." Manyazi andigwira. Munthu wamkulu ndikumuimbitsa ngati wophunzira kwaya.

Masiku atsala atatu. Ndikuchita mantha, kunena zoona. Ndayesa kumugoneka ndekha Yankho, walira mpaka khosi kuuma.

Lachisanu

Ndamasula zomangira, ndatsegula priampu. M'kati muli timigolo ting'onoting'ono ndi mawaya, ngati tauni yoiona uli m'ndege. Ndikuganiza kuti penapake mu tinjira timeneti mawu a apongozi akupunthwa. Chala chili m'njira, amake Yankho atulukira.

"Mukufuna ndikhale wamasiye ku UK kuno? A Mulenga anati zimenezo zimasunga magetsi ngakhale mutazula ku khoma. Close it!"

Ndatseka.

Zina zimene ndayesa lero: kuveka maikolofoni sokisi, kuisunthira kutali, kuzimitsa foni, kupemphera. A Mulenga akuti mwina ni laptop. Sindikuwayankhanso.

Loweruka

Zadziwika!

Ine ndili pa masitepe monga mwa masiku onse, amake Yankho alowa m'chipindamo kukatenga thewera. Atuluka atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Andikokera kukhitchini.

Ndikangotseka chitseko, apongozi amapotokola batani lija mpaka kumapeto. Akamaliza kuimba amalibweza bwinobwino pa 3, poti zinthu za eni sasiya zitasokonekera. Sabata yonse! Chubu chakale chija chinalibe mlandu, filijinso ayi.

Mwana wawo wawafunsa chifukwa chake. Akuti, "Nanga si ndidzakhala kutali? Mawu akachepa, mwanayu andimva bwanji?"

Ndafuna kuseka, zakanika. Ndangoyang'ana ketulo.

Ndapempha amake Yankho akawauze kuti asaligwire batanilo. Akuti, "Kawauzeni nokha, ine sindingathe." Ine? Ndikauze apongozi kuti akulakwitsa? Ndaima pakhomo pa chipinda, ndatsokomola kawiri, ndabwerera. Ndikuti ndiyesenso, belu lalira. Amayi a ku tchalitchi afika kudzatsanzikana ndi apongozi, khumi ndi awiri, ndi mapoto awo. Maikolofoni apachikapo majasi.

Lamlungu

Apongozi apita. Pa eyapoti anagwada pang'ono, maso ali pa sutikesi, n'kunena kwa ine mwini, osadzera kwa mwana wawo, "Bambo, mwatisunga." Ndinayankha chiyani, sindikukumbuka.

Masana ndamuyatsira Yankho nyimbo ija. Watong'ola maso, wayang'ana sipika, wayang'ana chitseko, wayamba kulira. Ndazimitsa. Ndamubereka ndi chitenje, mfundo yapita pambali, ndikuzungulira pabalaza, ndikuimba ndekha. Mawu ake ndikudziwa theka, enawo ndikungong'ung'udza.

Mu laputopu muli nyimbo khumi ndi zinayi, zonse zong'ambika. Ndinati ndizifufute. Ndamvera imodzi mpaka kumapeto, ndipo isanathe pakumveka kaphokoso kakang'ono, dzanja lawo likubweza batani langa pamalo pake. Ndazisiya zonse.

Nthawi ndi folo koloko. Yankho akadali maso.