Nthiti za Landirova ya a Fakiri

Ku Malengachanzi kuno kunali munthu amene ankaopa miyala kuposa ng'ona, ndipo munthuyo anali a Fakiri. Taganizani, miyala! Dziko lino ndi la mchenga ndi matope a mpunga, mwala woti ugendere galu umachita kuusaka tsiku lonse. Koma malemuwo anatha zaka zisanu ndi chimodzi ali chagada pansi pa Landirova yawo, kuimangirira zitsulo m'mbali kuti miyala isadzaiphwanye.

Nzeruyi anabwera nayo kuchokera ku Joni, ulendo wa kumigodi utatsekedwa. Kumeneko anaona magalimoto okwera mapiri ali ndi mipiringidzo yachitsulo pansi pa zitseko, yoti galimoto ikakhula pathanthwe izingotsetsereka, thupi lake osabooka. Iwo mipiringidzoyo ankaitcha nthiti.

Tsiku limene anafika ndi Landirova yakale ya pa okushoni, akazi awo a Mwanahalima analuluta mpaka mawu anasasa. Anali ndi chifukwa. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Rahila, anali atatengedwa chitengwa ndi telala wa kumapiri a ku Ntchisi, kumudzi kosafika basi, ndipo mayiwo mtima unali komweko.

"Bambo a Rahila, tinyamuka liti?"

"Inshaala, tikangomaliza nthiti."

"Injini ikulira bwinobwino, matayala alipo onse anayi."

"Mayi a Rahila, msewu wa kumapiri simuudziwa inu. Mwala umodzi pansi pa chitseko, basi ulendo wathera pompo. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Magetsi owotcherera zitsulo kunalibe, ndiye zonse zinali zamanja: kufewetsa chitsulo pa mvukuto, kuboola chasisi ndi chiboolero chopukusa, kenako mabawuti. Wogwira jeke anali mnzawo wa paubwana, a Sufiyani, okhoma mabwato. Awa ndiwo anawaphunzitsa kuti bawuti ukamanga uzipinda nsonga yake ndi hamala, monga amachitira ndi misomali ya bwato, kuti isadzamasuke mpaka tsiku la kiyama.

Nthiti zoyamba zinali mapaipi a mjigo wakufa. A Fakiri anaziyesa ndi hamala, zinapindika, anazitaya. Tsiku lina a Mwanahalima pochokera kumunda anapeza matiresi ali pansi.

"Bedi langa lachitsulo lili kuti?"

"Lili pabwino."

"Pabwino pati?"

"Musadandaule, mudzalikwera ndithu."

Bedi nalo linalephera mayeso. Pomaliza anaitanitsa zidutswa ziwiri za njanji kuchokera ku Chipoka, zinabwera pangalawa, ndipo kuzitsitsa kwake panafunika amuna asanu ndi atatu, wina mpaka lero amayenda chowerama.

Anyamata a chipani atafika kudzaona makhadi, anapeza a Fakiri miyendo yokha ikuoneka kunja kwa galimoto. Anatuluka, anaonetsa lawo ndi la akazi awo.

"Nanga uyu wa nthitiyu, madala, khadi lake lili kuti?" anatero mmodzi, anzake akuseka.

A Fakiri sanaseke. Anagula lachitatu, analembetsa dzina loti Landirova, n'kulisomeka pamwamba pa chiwongolero. Anyamatawo atapita anauza a Sufiyani monong'ona kuti, "Mwala umatha kuulambalala, achimwene. Awa salambalalika."

Zaka zinkapita. Makalata a Rahila ankabwera, a Sufiyani n'kumawawerenga pakhonde: kwabadwa mwana wamwamuna, mwana wayamba kuyenda, mwana akufunsa agogo ake. A Mwanahalima anayesa kunena zokwera matola. A Fakiri anakhumudwa ngati atukwanidwa.

"Mkazi wa mwini galimoto, pamwamba pa madengu a usipa? Asebere athu akatiyesa anthu otani?"

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, achimwene," anatero a Sufiyani. Koma jeke anagwirabe.

Tinene zoona, nawonso mayiwo kamtima kofuna kukafika kwa asebere atakhala kutsogolo, chitenje chatsopano chili mbee, anali nako. Kamtima kameneko ndi kamene kanawadikiritsa, ndipo sanadzikhululukire mpaka kufa.

Mu Seputembala 1981, Lachinayi m'mawa, kunabwera kalata ya mizere itatu. Rahila anali ndi pakati pena, miyendo yatupa, sakudzuka, akungoitana amayi ake. A Mwanahalima sanafunsenso munthu. Anamanga kamtolo ka mpunga, anatsegula chitseko cha galimoto, anakhala pampando.

"Yatsani."

"Kwatsala mabawuti awiri okha kumanzere."

"Yatsani, bambo a Rahila."

Anayatsa. Mudzi wonse unatuluka, azimayi nthungululu, agalu kuuwa, ashehe kukweza manja. Galimoto inayenda mobuula ngati ng'ombe yolemedwa, a Fakiri ali ndwii pa chiwongolero, maso akusaka mwala.

Mamailosi atatu okha kuchokera kumudzi pali kamtsinje kouma, kamchenga, kamene ngolo zimawoloka mwini wake akusinza. Pamenepo matayala anayamba kukumba. A Fakiri anaponda mafuta, matayala anakumbanso, ndipo Landirova inakhala pansi mwaulemu, njanji zonse ziwiri zitagona pamchenga. Amuna makumi awiri anakankha, sinasunthe. Anati tichotse zitsulozo ipepuke, koma sipanala ikanamasula chiyani pa mabawuti opindidwa nsonga? A Sufiyani anangoyang'ana kumbali.

"Ndiyende wapansi ndikapeze lole kumsewu waukulu," anatero a Mwanahalima.

"Ola limodzi lokha, mayi a Rahila. Ndakupemphani."

M'maso mwa amuna awo munali misozi, ndipo m'zaka makumi atatu za banja anali asanaionepo. Anakhalanso pampando. Ola limenelo linatha Lachinayi, linatha Lachisanu.

Loweruka masana, anthu akadali kukumba, kunatulukira njinga kuchokera cha kumapiri. Anali Hassani, mng'ono wake wa telala uja. Anatsika njinga akadali patali, anaikankha pang'onopang'ono, anaigoneka, n'kukhala pansi pamchenga wotentha. Munthu wobwera ndi nkhani yabwino sakhala choncho.

"Amayi, alamu anatisiya dzulo m'mawa. Tinaika itangotha swala ya Ijumaa."

Kwa Asilamu maliro sadikira munthu, zimenezo a Mwanahalima ankazidziwa bwino. Sanafunse chifukwa. Anangofunsa ngati Rahila anawaitana, ndipo Hassani anayang'ana pansi.

A Fakiri anamva zonse ali pansi pa galimoto, fosholo ili m'manja. Anakhala momwemo nthawi yaitali. Atatuluka anayenda mozungulira Landirova, akusisita chitsulo, n'kunena motsitsa mawu, "Sinakhudze mwala ngakhale umodzi." Palibe anaseka.

Sanabwererenso kukamtsinjeko. Mvula itagwa madzi anakwirira galimotoyo mpaka m'mawindo, ndipo mpunga usanache a Fakiri anawanyamula pa jeneza kupita nawo kumanda. Sanadwale matenda odziwika, anangosiya kudya ndi kuyankhula.

Mudzi uno unazizira kuyambira pamenepo. Poyamba munthu ukatopa ndi njala, ndi udzudzu, ndi kuopa kuyankhula, unkangopita kukhonde kwa a Fakiri kukaseka, poti kuseka iwo kunalibe mlandu. Lero anthu akayamba nkhani yawo amaseka za bedi, amaseka za khadi, koma ikamayandikira kukamtsinje wina amakumbukira kuti ali ndi mbuzi zoti akamasule.

A Mwanahalima anakhala zaka zina zinayi, ndipo kumapiri sanapiteko. Mayi wina woyandikana nawo, a Madina, anawafunsa tsiku lina akupeta mpunga ngati anawakhululukira amuna awo. Iwo anapeta kaye, anauzira mankhusu.

"Munthu ankafuna ndikafike bwino, ndimukwiyire bwanji? Koma mwana wanga anandiitana masiku awiri, ine nditakhala pampando."