Mwera Watenga Namasupuni Wathu

Lolemba

Sindinagone. Osati chifukwa cha udzudzu, koma mwera. Malata akulira mpaka kucha, ine maso ali gwa, ndikuganiza za namasupuni ngati munthu amene mbuzi zake zagona panja.

M'mawa ndikupita ku dooko. Palibe!

Madzi ali mbee, mchenga ukuoneka pansi, mabwato akulowa ndi kutuluka popanda wotukwana. Udzu uja watitsekera dooko zaka ziwiri, wokola maukonde, wozimitsa injini, mwera waukankhira wonse cha kumpoto. Ngakhale tsamba limodzi.

A Jafali, wapampando wa asodzi, akundigwira chanza ndi manja awiri. "Alihamudulilahi, a mlembi! Mapemphero anu aja agwira ntchito." Ndikumwetulira. Mulungu andikhululukire kumwetulira kumeneko, sikunachokere mumtima.

Vuto ndi ili. Loweruka kukubwera alendo atatu, wa ku Zambia, wa ku Tanzania ndi wa ku Mozambiki. Bungwe lina la ku Lilongwe linatilumikiza nawo kuti tizipanga mapepala ndi namasupuni, popanda mankhwala a m'sitolo. Chiyambire sukulu yaulere ana achuluka, makope palibe, Tiyamike wanga akulemba masamu pamchenga. Alendowa akakhutira, makina opsinjira mapepala adzakhala kuno, pa tchalitchi pathu.

Aliyense ali ndi gawo lake:
- a ku Zambia, chidulo chophikira udzuwo kuti ufewe
- a ku Tanzania, phala la chinangwa lolimbitsira pepala
- a ku Mozambiki, masefa
- ife, namasupuni

Chokhacho basi. Ndipo ndine ndinaimirira pamsonkhano ku Lilongwe, nditavala tayi, n'kuwauza m'Chingerezi kuti kwathu namasupuni sadzatha.

Lachiwiri

Mwera ukadalipo.

Abusa ayitanitsa mapemphero othokoza. Akuti nditsogolere ine, popeza ndine ndakhala ndikutsogolera opempha kuti udzuwo uchoke. N'zoona. Ndinayamba kupemphako nkhani ya mapepala isanabwere, ndipo itabwera ndinachita manyazi kusiya. Ndinkaganiza kuti yankho lichedwa monga achedwera mayankho ena.

Ndikupemphera mokweza. Amayi akululutira. Pakamwa ndikuti zikomo, mumtima ndikuti bwenzi mutadikira sabata yamawa. Tchimo limeneli dzina lake sindikulidziwa.

Masana ndikuyenda m'mbali mwa nyanja ndi beseni. Anthu akuyesa ndikukagula usipa. Zimene ndapeza:
- patapata mmodzi wakumanzere
- nkhafi yothyoka
- namasupuni wodzaza beseni, atabisala kuseri kwa bango

Ndamufunditsa nsalu podutsa pa dooko. Kunyumba ndamuika m'bafa, ndathiramo madzi.

Amake Tiyamike akuyang'ana bafa, akuyang'ana ine. "Ndiye enafe tizisamba kuti? Kapena tidikire mlendo wanuyo amalize?"

Lachitatu

Abakha!

Abakha a aneba alowa m'bafa ndisanadzuke. Patsala mizu yakuda ndi nthenga. Sindikukwiya. Bakha sanapite ku Lilongwe, sanalonjeze kanthu.

Anthu akuti namasupuni yense waunjikana cha ku chilumba cha Mbenji. Pabwato la injini si patali. Ndikupita kwa a Jafali. Ndikuyamba ndi moni wautali, kufunsa za ana, za mwendo wawo, za mtengo wa petulo. Kenako ndikunena.

Akusiya kusoka ukonde. "Ndikubwerekeni boti mukatenge chinthu chimene chinandiphera injini? A mlembi, dzulo munkathokoza chiyani m'tchalitchi muja?"

Ndikufotokoza za ana, za makope, za mayiko anayi kugwirira ntchito limodzi. Akumvetsera mwaulemu mpaka kumapeto.

"Mayiko anayiwo abwere adzasoke ukondewu."

Ndikubwerera wapansi, monga ndinapitira.

Madzulo msonkhano wa gulu lathu la mapepala. Ndikufunsa ngati tingagwiritse china m'malo mwa namasupuni. Wina akuti makoko a nthochi. Wina mapesi a chimanga. Wina akuti ino ndi demokalase, tivote. Tikuvota. Apambana ndi ofuna kuti tikambirane kaye za chakudya cha alendo. Tagwirizana mpunga ndi chambo. Za udzu, akuti a mlembi aona.

Lachinayi

Ndapalasa njinga mpaka ku Chinguluwe. Kumeneko namasupuni watseka ngalande ina ya mpunga, ndipo mwera sumufika.

Alimi akundiyang'ana ndikudzaza matumba. Bambo wina akufunsa ngati boma landituma. Ndikuti ayi. Akufunsa ngati kumudzi kwathu kuli njala. Ndikuti ayi. Akundithandiza kumanga, akuti ndibwerenso mawa ndi anzanga, ngalande ndi yaitali.

Matumba atatu pa keliyala. Madzi akuchucha m'thalauza njira yonse. Tcheni chikuduka. Ndikukankha.

Chimene sindinaganize: udzuwu ndi madzi okhaokha. Pofika kuno dzuwa laumwa. Matumba atatu aja asanduka limodzi, lofota ngati ndiwo za dzana. Ndikausiya pamtunda mpaka Loweruka, utsala wokwana m'thumba la malaya.

Kunyumba kuli abakha. Chitsime n'chakumwa. Patsala nyanja.

Ndikuvomereza pano, popeza palibe wina woti ndimuuze. Ndatenga ukonde wakale wa malemu apongozi, ndakulungamo namasupuni, ndamumangirira ku bango kumapeto kwa dooko. Ndamuika m'madzi amene Lachiwiri ndinathokoza kuti ayera. Mfundo ndamanga zitatu.

Mayi wina wotsuka mbale wandiona. Ndamupatsa moni. Wanyamula mbale zake, wapita.

Lachisanu

Ukonde wa malemu unali wakale kuposa mmene ndinkaganizira.

Theka la namasupuni latuluka. Likuyandama pakati pa mabwato, lili biriwiri, maluwa ake ofiirira ali m'mwamba ngati likupita ku ukwati. Asodzi akulivuula ndi nkhafi, akuliponya pamchenga, akuyang'ana kwathu.

Zimene zikunenedwa pamsika wa usipa:
- kuti ndikudzala namasupuni
- kuti azungu akundilipira pa tsamba lililonse
- kuti wandituma ndi phungu amene anagonja pa chisankho
- kuti maphunziro a sekondale akachuluka amatero

Amake Tiyamike abwera kuchokera kumsikako osagulitsa theka la usipa wawo. Ndiwo athira mchere kawiri.

A Jafali adutsa pakhomo, sanakhale pansi. "Ndakuikirani kumbuyo lero, a mlembi, chifukwa bambo anu ndinkawadziwa. Koma tsamba lina likaonekanso pa dooko paja, pakamwa panga ndatseka."

Wotsalayo ndamuvuula. Ali m'ndowa, pansi pa bedi, chitseko ndakhoma. Tigona ndi fungo la dambo.

Ndayesa kupemphera. Ndangoti, Ambuye, mukudziwa. Pamenepo ndaima, chifukwa akudziwadi.

Loweruka

Alendo afika ndi galimoto yoyera, masefa ali pamwamba. Ana aimba. Abusa avala jekete.

Alendo akupempha kuyamba ndi kuona nyanja. Tikupita nawo. Dooko lili phee, loyera kuposa masiku onse. Wa ku Mozambiki akujambula chithunzi. Wa ku Tanzania akuvula nsapato, akuponda m'madzi.

Mayi wa ku Zambia akuyang'ana uku ndi uku. "Manje udzu uja uli kuti, a sekilitale? Uja wosatha?"

Ndikubweretsa ndowa.

Ndi anthu aulemu. Palibe waseka. Tikuchita zonse monga tinapanganirana: kudula, kuphika m'chidulo, kusinja mu mtondo, kuthira phala la chinangwa, kuvuula ndi sefa. Chidulo cha ku Zambia chikugwiradi ntchito, udzu wafewa popanda soda wa m'sitolo, ndipo madzi otsala akuti tingathirire nawo nthochi. Amayi athu akunong'onezana kuti n'chomwechija cha thelere.

Mayiko anayi atulutsa pepala limodzi. Kukula kwake ngati chikhatho changa. Taliyanika pa thandala, pambali pa usipa.

Kenako wa ku Tanzania akufunsa funso limene ndimaliopa: udzu wonsewo tinauchotsa bwanji? Akuti kwawo ayesa makina, ayesa tizilombo toudya, zikukanika.

Abusa akukonza jekete. "Mapemphero, alendo athu. Ndipo mtsogoleri wake ndi ameneyu."

Akundiloza. Anthu akuwomba m'manja, kupatula asodzi. Wa ku Tanzania akufunsa ngati ndili ndi pasipoti.

Atadya mpunga ndi chambo, mayi wa ku Zambia akundiitanira pambali. Akuti makina amapita kumene kuli udzu, si nkhani ya chifundo. Ali ku Salima mpaka Lachinayi, akuyendera magulu ena. Udzu ukabwerera n'kukhazikika, ndikawapeze, adzaone okha. Kupanda apo makina apita kwina.

Galimoto yapita. Masefa apita nawo.

Lamulungu

Pepala lauma. Likununkha usipa. Tiyamike walembapo dzina lake ndi pensulo, lakwana, patsala malo a samu imodzi. Akuti nanga ena onse adzatuluka liti.

M'tchalitchi. Ulaliki uli pakati, makatani akuyamba kuwulukira mbali ina. Ndikuona ine ndekha. Kenako mkulu wina amene ndi msodzi akutembenuka, akununkhiza mphepo. Mpoto.

Tikutuluka. Nyanja palibe. Kuchokera ku bango mpaka kumene maso akulekeza kuli dimba lobiriwira, likubwera pang'onopang'ono, mbalame zitakwerapo. Yense uja wabwerera, ndipo wabwera ndi abale ake a ku Mbenji. Mabwato atsekeredwa pamchenga.

Palibe akuyang'ana udzu. Onse akuyang'ana ine.

Ndikufuna kunena kuti ndowa imodzi singabale zonsezi pa masiku awiri, kuti ndi mphepo chabe. Koma Lachiwiri ndinavomera pamaso pa onse kuti mphepo imamvera mapemphero anga. Sindingasinthe lero.

Mmene zilili tsopano:
- a Jafali akuti Lachitatu m'mawa ndikaonekere ku komiti ya asodzi, ndipo pakamwa pawo atsekadi
- Abusa akuti Lachitatu madzulo nditsogolerenso mapemphero opempha mwera
- mayi wa ku Zambia akudikira ku Salima kuti ndikamuuze kuti udzu wakhazikika
- amake Tiyamike atenga bafa lawo, aliika kuchipinda

Njinga ilibe tcheni. Ndiyenda wapansi kulikonse kumene ndipite.

Ambuye, nyanja ndi yanu, mphepo zonse ziwiri ndi zanu, asodzi ndi anu, ana opanda makope ndi anunso. Ine ndine mlembi chabe. Sindikupemphanso kanthu mpaka mutandiuza choti ndipemphe, mwera kapena mpoto. Koma chonde yankho lifike lisanakwane Lachitatu, ndipo ulendo uno muyambe mwandiuza ine musanauze mudzi wonse.